Skyline si motoka yopitila ku nchito

Pali maloto amene anyamata ambili a mu Lusaka, Kitwe na Chipata alota mofanana, ndipo masiku ano atsikana nawonso alimo. Wayamba nchito, malipilo ayamba kulowa, wasungako pang'ono. Usiku uli pa foni, uona mamotoka a ku Japan. Anzako ayang'ana Vitz na Allion, koma iwe maso ali pa Nissan Skyline GT-R, Toyota Supra, Mazda RX-7 olo Lancer Evolution. Mtima ukuuza kuti ngati ni kugula motoka, ugule imene ufuna zoona, uziyenda nayo tsiku lililonse: ku nchito, ku chalichi, ngakhale ku Soweto kukagula tomato.

Ganizo langa ni lakuti kukonda mamotoka amenewa si kupusa. Koma kutenga imodzi mwa iwo kukhala motoka yako ya tsiku na tsiku, ulibe ina, ni njila yacidule yophela motoka na thumba lako pa nthawi imodzi. Ngati ndalama zako zikwanila motoka imodzi cabe, isakhale iyi.

Cikondi cimeneci cili na maziko, tivomeleze. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 makampani a ku Japan anali na ndalama zambili, ndipo anali kupikisana kuonetsa nzelu. Mu 1989 Nissan inatulutsa Skyline GT-R ya mtundu wa R32, ya injini ya RB26 ya malita 2.6, ma turbo awili, mphamvu yopita ku mawilo onse anayi. Pa mipikisano ya Group A ku Japan, kucokela mu 1990 mpaka 1993, inapambana mipikisano yonse 29 imene inalowamo, ndipo ku Australia anaipatsa dzina lakuti Godzilla. Honda inabweletsa NSX mu 1990, thupi lake la aluminiyamu. Mazda inatsatila na RX-7 ya mtundu wa FD, ndipo mu 1993 Toyota inatulutsa Supra ya injini ya 2JZ. Tommi Mäkinen anakhala katswili wa rally wa dziko lonse zaka zinayi zotsatizana, 1996 mpaka 1999, ali mu Lancer Evolution. Ambili a ife tinakumana na mamotoka amenewa pa PlayStation mu Gran Turismo, na m'mafilimu a Fast & Furious, tikalibe kudziwa olo mtengo wa tayala imodzi. Munthu amene anakula na zimenezi safunika kucita nazo manyazi.

Vuto loyamba ni mtengo, ndipo mtengowo suikidwa na ife. Ku America kuli lamulo lakuti motoka imene siinapangidwile msika wa kumeneko siiloledwa kulowa mpaka ikwanitse zaka 25. Cipata ca R32 cinatseguka mu 2014, ndipo ca R34, imene inayamba kupangidwa mu 1999, cinayamba kutseguka mu 2024. Koma fakitale inatseka kale. R34 GT-R inaleka kupangidwa mu 2002, caka cimodzimodzi cimene Supra ija na RX-7 zinathela, ndipo ma R34 GT-R onse amene anapangidwa sanakwane 12,000. Caka ciliconse ena agundidwa, ena aola, otsala acepela-cepela, pamene ofuna kugula aculukila-culukila. Mu 2021 Supra ya olenji ya mu filimu ija inagulidwa madola 550,000, ndipo mu 2023 R34 imene Paul Walker anayendetsa mu filimu inapitilila madola 1.3 miliyoni. Amenewa ni mamotoka ochuka, koma akoka mtengo wa anzawo onse.

Tanthauzo lake kwa iwe ni ili: pa okushoni ku Japan, kwacha yako ilimbana na dola ya munthu wa ku California. Motoka yabwino, yosakhudzidwa, ya mapepala onse a sevisi, ipita kwa iye. Imene itsalila pa mtengo umene ungakwanitse ni ija imene iwo aikana: inacitapo ngozi n'kuongoledwa, inadyedwa na dzimbili la mcele umene amathila m'miseu ya cipale cofewa kumpoto kwa Japan, olo mnyamata wina anaiseweletsa kwa zaka, kukweza mphamvu ya turbo na kudula-dula mawaya. Pa cithunzi yonse iwala. Cikome-kome ca mkuyu, mkati muli nyelele. Pa pepala la okushoni, giledi R itanthauza kuti motoka inakonzedwapo pambuyo pa ngozi olo inasinthidwa kwambili, ndipo wogulitsa amene azemba kukuonetsa pepala limenelo wakuuza kale zonse.

Tinene kuti wapeza yabwinoko. Ifunika kufika kunyumba. Ikatsika pa doko la Dar es Salaam, pali makilomita pafupi-fupi 2,000 kuti ifike mu Lusaka, kudzela pa boda ya Nakonde, kupita Mpika, Serenje na Kapiri Mposhi. Ambili apatsa makiyi dalaiva amene alipilidwa pa ulendo, amene afuna kufika msanga kuti akatenge ina. Ku Corolla zimenezo zipilililika. Koma ganizila munthu amene sumudziwa, ali yekha usiku pa Great North Road na ma turbo awili pansi pa phazi lake. Wanzelu alipila thilaki yonyamula, ndipo imeneyo ni ndalama ina. Onjezela msonkho wa ZRA, ajenti wa pa boda, kulembetsa ku RTSA, inshuwalansi, na carbon tax imene ikwela malinga na kukula kwa injini. Zonsezi ucita ukalibe kuyenda nayo olo kilomita imodzi.

Manje tibwele ku cimene motoka idya. Injini za turbo zimenezi anazikonzela petulo wa octane yapamwamba, amene ku Japan achedwa haioku, wa octane pafupi-fupi 100. Octane ni muyeso wa mmene petulo apilila kupanikizidwa na kutentha osaphulika yekha. Turbo ikankhila mpweya wambili mu silinda, kutentha kukwela, ndipo petulo wofooka, m'malo moyaka bwino-bwino, mbali yake ina iphulika yokha n'kumenya pisitoni monga nyundo. Injini iyamba kugogoda. Kompyuta ya motoka ikamva kugogodako icepetsa mphamvu kuti iteteze injini, conco walipila mahachi onse koma uyenda na ocepa. Ndipo kompyuta za zaka zimenezo zili na polekezela. Ukaponda kwambili masana a mu October, mapisitoni na malingi ndiwo alipila. Pa mndandanda wa mitengo umene ERB ilengeza, petulo ni wa mtundu umodzi cabe. Ulibe mpope wina wosankha. Utsala na njila ziwili: kupeza katswili wocuna kompyuta kuti igwilizane na petulo wathu, olo kugula botolo la mankhwala okweza octane pa thanki iliyonse, kwa moyo wonse wa motoka.

Kuculuka kwa mafuta nakonso tikuwelengele. Tinene kuti uyenda makilomita 30 pa tsiku, kupita na kubwela, masiku 22 pa mwezi. Ni makilomita 660. Motoka ya malita 1.5 imene ipatsa makilomita 12 pa lita ifuna malita 55. Motoka ya ma turbo awili imene mu jamu ipatsa makilomita 6 pa lita ifuna malita 110. Ika mtengo wa petulo wa mwezi uno pa malita 55 owonjezelawo, uone ngati si ndalama ya thumba la unga, malaiti na mabando pamodzi. Ndipo apa sitinawelengele maulendo a pa Ciwelu.

RX-7 ili na nkhani yake-yake. Injini yake ilibe mapisitoni. Mkati muzungulila citsulo ca makona atatu, ndipo pa nsonga iliyonse pali kacitsulo kochedwa apex seal kamene katsekela mpweya. Kuti tuzitsulo tumenetu tusaume, injini idzipopela oilo pang'ono-pang'ono n'kumuwocha pamodzi na petulo. Conco kudya oilo si matenda, ni mmene anaipangila, ndipo mwini wake afunika kuyang'ana oilo kawili-kawili. Injini imeneyi siikonda kutenthedwa mopitilila, ndipo siikonda kuilizila n'kuizimitsa ikali yozizila, cifukwa petulo adzala mkati ndipo ikana kulila. Manje ganizila umoyo wa tsiku na tsiku: kuisuntha pa geti kuti mnzako atuluke, kuthamangila pa kantemba, kuimilila mu jamu ola lathunthu. Zonse zimene injini iyi izonda ndiye nchito ya motoka ya tsiku lililonse.

Miseu yathu nayonso siinafunsidwe pamene mamotoka amenewa anali kujambulidwa. Anawapanga ogwada pansi kuti agwile mseu pa liwilo lalikulu. Ise tili na mahampu, ndipo ena m'makomboni amangidwa na anthu a pamalopo, kutalika kwake kulingana na mkwiyo wa amene anamanga. Hampu iliyonse uikwela cam'mbali, pang'ono-pang'ono, minibasi kumbuyo iliza hutala, ndipo umvabe pansi pakhulika. Matayala opyapyala alibe mnofu wotetezela limu, conco dzenje limodzi lobisika m'madzi likhoza kupinda limu na kung'amba tayala nthawi imodzi. Mvula ikagwa mu January, aliyense adziwa mmene Kanyama na mbali zina za Kamwala zikhalila. Motoka yogwada, maka-maka ngati mwini wakale anatsitsa paipi yokokela mpweya, ikamwa madzi mu injini, zitsulo za mapisitoni zipindika pomwepo, cifukwa madzi sapanikizika monga mpweya. Pamenepo nkhani ya injini yatha.

Ndipo liwilo lija ulipilila, ukaliseweletsela kuti? Pa Great East Road 07:00 m'mawa, pa Lumumba Road olo pa Kafue Roundabout madzulo, GT-R na Vitz ziyenda mofanana, ndipo wa njinga apitilila onse awili. Kusiyana n'kwakuti wa Vitz apumula, pamene iwe mwendo wa kumanzele uwawa na kilachi yolimba, maso ali pa nsonga ya tempelecha.

Tisaiwale cimene motoka itanthauza m'banja la kuno. Ukagula motoka, siikhala yako weka. Ni ambulansi ya usiku pamene mwana wa asisi watentha thupi. Ni yonyamula amayi na matumba awo kucoka ku Intercity. Ni yopita ku malilo ku Katete olo ku Lundazi, kumene tala ithela pa mseu waukulu koma mudzi uli makilomita ena mkati. NSX ili na mipando iwili cabe. Mipando ya kumbuyo ya RX-7 ikwana cola, osati ambuya. Ukhoza kunena kuti zimenezo si vuto lako, koma tsiku limene cidzacitika, udzabweleka Spacio ya neba, Supra ili pa yadi.

Cacikulu kupambana zonse ni masipeya. Corolla ikafa m'mawa, madzulo iyenda, cifukwa sipeya yake ipezeka m'tauni, ku Matero, ku Chawama, ngakhale ku Petauke, yatsopano olo yocotsa ku ina. Nanga galasi la kutsogolo la R34 likaswedwa na mwala wa thilaki? Nanga minibasi ikakupsompsona pa laiti ya kumbuyo? Ngakhale ku Japan kwenikweniko masipeya ambili analeka kupangidwa, mpaka makampani anacita kuyambitsa mapulogilamu apadela. Nissan inayamba kupanganso masipeya ena a R32 mu 2017 kupitila mu NISMO, pambuyo pake inaonjezela R33 na R34. Toyota inacita cimodzimodzi na Supra, Mazda na RX-7. Ni nkhani yabwino, koma ikuuza zinthu ziwili: masipeyawo anali atasowa zoona, ndipo amene abwelela agulidwa na yen olo dola, osati pa mtengo wa Corolla. Uitanitsa, uyembekezela milungu, ulipila msonkho, ndipo nthawi zina cifika colakwika. Masiku onsewo upita ku nchito na Yango olo minibasi. Ona bwino apa: munthu amene anati sangakwanitse mamotoka awili, alipila kale mayendedwe awili.

Amakanika athu sin'kuwanyoza. Pa Corolla, Hiace na Canter ni akatswili, amva vuto na khutu cabe, cifukwa atsegula mahandiledi a injini zimenezo. Koma luso libwela na kubweleza. Makanika amene sanatsegulepo injini ya rotary, olo amene sanaonepo mmene GT-R igawila mphamvu ku mawilo a kutsogolo, adzaphunzilila pa motoka yako, ndipo sukulu fizi udzalipila ndiwe. Ocepa amene adziwa mamotoka amenewa alipo, koma ali na mzele, ndipo adziwa mtengo wa nzelu zawo.

Pali zimene anzanga okonda mamotoka amayankha, ndipo zina zili na nzelu. Coyamba amati motoka ya ku Japan siifa. N'zoona kuti 2JZ na RB26 ni injini zolimba kwambili. Koma motoka si injini cabe. Ni mapaipi a labala, mabushi, mawaya, masensa, pampu ya mafuta, lediyeta ya pulasitiki pamwamba. Zimenezi zikalamba na zaka, olo motoka ikhale itaima. Motoka ya mu 1995 ni yaikulu kupambana ambili amene awelenga nkhani ino. Kulimba kwake kunali koona pamene inali na zaka zisanu. Lelo uli na nkhalamba yamphamvu, koma ni nkhalamba ndithu.

Caciwili amati ni cuma cosunga, mtengo ukwela. Ukwela, inde, koma wa motoka iti? Ya makilomita ocepa, ya penti yake yoyamba, yosagundidwa. Kilomita iliyonse ya mu Lusaka, hampu iliyonse, dzuwa lililonse la pa car park ya ku nchito licotsako pa mtengowo. Sungadye mbeu n'kuyembekezela kukolola. Komanso wogula wa ndalama zimenezo ali kunja, ndipo msonkho umene unalipila polowetsa subwelela. Inshuwalansi ya third party ilipila amene wamugunda, osati motoka yako. Ya comprehensive ifuna kuti mugwilizane mtengo wake pasadakhale, apo ayi tsiku la ngozi adzakuwelengela monga motoka yakale wamba.

Cacitatu amakumbutsa kuti Zambia ni dziko la rally. Zoona, Satwant Singh anatenga ukatswili wa Africa maulendo 8, ndipo Muna Singh anautenga mu 2004 na 2005. Subaru na Evolution zadya fumbi la kuno kwa zaka zambili. Koma yang'ana pansi pa motoka ya rally. Aikweza, aiika cimbale cacitsulo coteteza sampu, ma shock ake ni a mtengo wa motoka ina, ndipo kumbuyo kwake kuli gulu la amakanika na thilaki ya masipeya. Mpikisano ukatha aimasula n'kuimanganso. Palibe amene apita nayo ku ofesi pa Mande.

Cacinayi ndiye camphamvu, ndipo nicilemekeza: moyo ni waufupi, motoka anaipangila kuyenda, osati kuiphimba na nsalu. Nivomeleza na mtima wonse. Motoka yongoima nayonso iwonongeka. Koma funsa kuti kukoma kwa motoka yotele kuli pati. Kuli pa Sondo m'mamawa, mseu uli pululu, injini yatenthela bwino, upita ku Siavonga, ukhota m'mapili muja modekha, umva mmene igwilila mseu olo usanapitilile liwilo lololedwa. Kukoma kumeneko sikupezeka pa giya yoyamba kumbuyo kwa thilaki ya simenti. Amene ayenda nayo tsiku lililonse ndiye amene acedwa kuikondwela, cifukwa pofika pa Sondo motoka ili pa majeki, olo thanki ili pa E, olo mtima wake watopa nayo. Cinthu cimene unali kulota cisanduka cinthu cimene uopa kuliza m'mawa.

Nanga munthu acite bwanji na njala imeneyi? Pali njila ya pakati. Toyota Altezza, imene inapangidwa kucokela mu 1998 mpaka 2005, ikankha na mawilo a kumbuyo, ili na zitseko zinayi, ndipo ya masilinda 6 igawana injini na Mark II na Cresta zimene amakanika athu adziwa. Mark X ili na V6 ndipo yadzala m'tauni, conco masipeya ni osavuta. Suzuki Swift Sport ni yaing'ono, yopepuka, yosangalatsa pa kona. Toyota 86, imene inayamba mu 2012, ni ya maseŵela yeniyeni koma ikali yacinyamata. Zina mwa izi nazonso zikonda petulo wabwino, koma zambili zilibe turbo, ndipo zikhululuka zambili. Sizidzaimitsa anthu pa East Park kuti akujambule, koma zidzakufikitsa ku nchito pa Mande na kukusekeletsa pa Ciwelu.

Ngati mtima wakana, ufuna GT-R olo RX-7 basi, ni ufulu wako, koma konza ndondomeko. Yamba na motoka wamba imene idzanyamula umoyo wako. Ija ya maloto ibwele yaciwili, pa ndalama zako-zako, osati za nkhongole ya pa malipilo, ndipo osati za kaloba olo pang'ono. Ukalibe kutumiza dola iliyonse, yankha mafunso awa mosadzinamiza. N'ndani, dzina lake na galaji yake, amene adzaikonza, ndipo anakonzapo zingati za mtundu umenewu? Sipeya ikafunika idzacokela kuti, ndipo idzatenga milungu ingati? Ikaima miyezi iwili, udzayenda na ciani? Idzagona kuti usiku, pansi pa denga na kuseli kwa geti, olo pa mseu? Pambuyo polipila zonse, kodi patsala ndalama yokwanila kumanganso injini popanda kukhudza lendi? Ngati funso limodzi likusowetsa yankho, nthawi ikalibe kukwana. Pitiliza kusunga, lowa m'magulu a okonda mamotoka, pita kukaona rally, thandiza mnzako amene ali nayo kale kumasula mabauti, uone na maso ako malisiti ake.

Akulu anati walila mvula walila matope. Amene afuna motoka yosowa afunanso masipeya osowa, makanika wosowa na petulo wosowa, ndipo zonsezi zibwela pamodzi, sungasankhepo cimodzi. Mamotoka amenewa apulumuka zaka 25, ena 30, kuti afike lelo, ndipo sadzapangidwanso. Ngati uwakonda zoona, usatenge imodzi kukaimalizila pa hampu ya pa Kalingalinga cifukwa unacedwa ku nchito.